Mmene mungaikire pulogalamu yaulere ya zithunzi mu repo popanda kuswa laisensi

Kuyambira pa 14 Okutobala 2025, pamene Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, ife okonza makompyuta mu Blantyre muno tili ndi chifukwa chinanso cholangizira makasitomala kuti makina awo akale aikidwe mtundu wina wa Linux, monga Ubuntu, Linux Mint kapena Debian, m'malo mowataya. Kuika Linux sikuvuta. Chimavuta n'chakuti mwini situdiyo ya zithunzi ku Limbe, kapena mayi wosindikiza makadi a ukwati ndi a chinkhoswe ku Ndirande, amafuna pulogalamu imene manja ake anazolowera, yoti atsegule foda yodzaza zithunzi, azichepetse zonse nthawi imodzi, adule za pasipoti, asindikize. Kawirikawiri pulogalamuyo imakhala freeware, yotenga pa intaneti osalipira kanthu, koma source code yake, malemba amene pulogalamuyo imamangidwa kuchokera pa iwo, mwini anabisa.

Mukamasamalira makina ambiri, kaya labu ya sukulu kaya mashopu angapo, maganizo amabwera okha. Mumati ndiipangire phukusi la .deb, fayilo yoikira pulogalamu pa Debian ndi Ubuntu, ndiliike mu repo, nkhokwe ya maphukusi ya pa seva, aliyense azingolemba apt install basi, bandulo isamathere chinthu chimodzimodzi. Maganizowo ndi abwino ndithu. Kungoti ntchitoyi ili ndi dongosolo lake, ndipo terminal imabwera pambuyo.

Choyamba: pezani laisensi yeniyeni muiwerenge yonse

Musadalire mawu akuluakulu a pamene mwatenga pulogalamuyo. Tsegulani fayilo imene yabwerayo mufufuze license.txt, EULA kapena readme. Ngati ndi .deb yopangidwa ndi mwini wake, lembani dpkg-deb -c kenako dzina la fayilo, muona zonse zili m'kati musanaike chilichonse. Mukaipeza laisensiyo, iwerengeni muli ndi mafunso anayi. Ndani akuloledwa kuigwiritsa ntchito? Kodi ndikuloledwa kuigawira anthu ena? Kodi ndikuloledwa kusintha kanthu, ngakhale kungoichotsa m'phukusi lake n'kuiika m'langa? Nanga kulipiritsa?

Funso lachiwiri ndi limene ambiri amalilumpha. Kupatsidwa chinthu ulere kuti mugwiritse ntchito ndi chilolezo chimodzi, kuchiika pa seva kuti ena azitenga kwa inu ndi chilolezo china. Laisensi ikakhala chete pa za kugawa, dziwani kuti chilolezocho mulibe, chifukwa lamulo la umwini limasiya mphamvu zonse m'manja mwa wolemba kufikira iye atazipereka. Kuno kwathu lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza mapulogalamu a kompyuta monga limatetezera mabuku ndi nyimbo. Ambiri tikamva za COSOMA timaganiza za oimba okha, koma wolemba pulogalamu wa ku France kapena ku Austria ndi wotetezedwanso, poti Malawi ili nawo m'pangano la Berne.

Chachiwiri: mawu oletsa malonda

Apa ndikhalitsepo, chifukwa ndi pamene pamatikhudza kwambiri. Mapulogalamu otchuka a zithunzi ambiri amaperekedwa ulere kwa munthu wogwiritsa ntchito kunyumba ndi kusukulu kokha. XnView MP ya Pierre-Emmanuel Gougelet, imene ilipo ndi ya Linux yomwe, ndi yaulere pa ntchito za munthu payekha, za maphunziro ndi za mabungwe osapanga phindu, koma kampani iyenera kugula laisensi. IrfanView ya Irfan Skiljan, imene ndi ya Windows ndipo ena amaiyendetsa pa Linux kudzera mu pulogalamu ya Wine, nayo ndi yaulere pa ntchito zimene si zamalonda.

Tsono taganizirani amene amatipatsa ntchito. Mwini situdiyo amalipiritsa chithunzi chilichonse. Wa stationery amalipiritsa pepala lililonse. Amene amakonza mabanala a misonkhano ya mpingo ndi mapulogalamu a maliro amadyera pomwepo. Onsewa ndi amalonda, ngakhale shopu ili ya chipinda chimodzi, kompyuta imodzi ndi printer imodzi. Mnzanu akakubwerekani njinga kuti mupitire kumsika sanakuuzeni kuti muzichitira kabaza. Labu ya sukulu kapena ofesi ya bungwe lothandiza anthu ingalowe m'gulu lololedwa, koma repo imodzi ikamadyetsa sukulu ndi mashopu pamodzi, ndinu amene mwatsegula khomo.

Ine ndimaona kuti chilungamo ndi kumuuza kasitomala pamaso. Mumuuze kuti bwana, iyi kwa inu ndi yogula, ndipo ngati simukufuna kugula pali zina zogwira ntchito yomweyo zimene palibe adzakufunseni. GIMP, Krita, darktable, gThumb, nomacs ndi Converseen zonse zili pansi pa laisensi ya GPL, zilipo kale m'ma repo a Debian ndi Ubuntu, ndipo laisensi yake siletsa malonda. Wofuna kuchepetsa zithunzi zambiri nthawi imodzi, Converseen kapena ImageMagick imamuthera vuto. Nthawi zina ntchito yonse ya phukusi imathera pa sitepe imeneyi, ndipo palibe cholakwika.

Chachitatu: lemberani mwini wake

Ngati pulogalamuyo ikufunikabe ndipo laisensi siinena bwino za kugawa, tumizani imelo. Safunsa anadya phula. Olemba freeware ambiri ndi munthu mmodzi kapena kagulu kochepa, moti funso lomveka bwino limafika kwa amene angathe kuliyankha.

Mufunse molunjika. Nenani kuti ndinu ndani, phukusilo likhala pati, ndipo atenge ndi ndani. Pemphani zinthu izi mozitchula: kugawa mafayilo ake kudzera mu repo, kuwasamutsa malo kuti agwirizane ndi dongosolo la Linux, kuchotsa malaibulale (timapulogalamu tothandizira timene pulogalamu imatsamirapo) amene iye anaphatikizamo n'kugwiritsa ntchito a m'dongosolo, komanso kuti ena amene angakopere repo yanu yonse akhale ndi chilolezo chomwecho. Funsaninso ngati chilolezocho chikukhudza zotulutsa za m'tsogolo. Yankho la pakamwa kapena la kachala kokweza pa WhatsApp silikwanira. Mukufuna mawu olembedwa, ndipo mawuwo mudzawaika onse m'fayilo ya debian/copyright pamodzi ndi tsiku lake.

Akakana kapena akapanda kuyankha, phukusi lokhala ndi mafayilo ake m'kati lisapangidwe. Njira ina ilipo, ndiifotokoza m'munsimu.

Chachinayi: dziwani chipinda chimene phukusi lanu lingalowe

Debian inalemba mfundo zake mu 1997, zodziwika kuti DFSG, ndipo phukusi lolowa m'chipinda chachikulu cha repo yake, chotchedwa main, liyenera kuzikwaniritsa zonse. Source code ipezeke, kusintha kuloledwe, kugawa kuloledwe, ndipo laisensi isasankhe mtundu wa ntchito. Mfundo yomalizayi, imene ndi ya nambala 6, imagwetsa nthawi yomweyo pulogalamu iliyonse yoletsa malonda. Choncho freeware yobisa source code siingalowe mu main ngakhale mwini wake atakhala wokoma mtima chotani.

Chotsala ndi non-free, ndipo nakonso Debian imafuna umboni woti ikuloledwa kugawa. Pakati pake pali contrib, ya mapulogalamu amene paokha akwaniritsa mfundo zonse koma amadalira chinthu cha kunja kwa main. Kuyambira Debian 12 ya mu 2023 palinso non-free-firmware, koma imeneyo ndi ya timapulogalamu toyendetsa zipangizo monga makadi a WiFi, siikukhudza za zithunzi. Ku Ubuntu mapulogalamu a mtundu wa non-free amapita ku multiverse. Fedora, mtundu wina wa Linux, simalandira n'komwe mapulogalamu otere, ndipo anthu ake amawapeza ku repo yapadera ya RPM Fusion, imene ili ndi zigawo za free ndi nonfree. Ku Arch Linux kuli AUR, kumene kumasungidwa fayilo ya PKGBUILD yokha, malangizo otengera ndi kumangira, osati pulogalamu yeniyeniyo.

Nzeru ya AUR ija ndiyo njira ndinalonjeza. Debian nayo ili ndi chitsanzo chake chakale, phukusi la ttf-mscorefonts-installer la mu contrib. Ndi la mafonti a Microsoft, koma m'phukusimo mulibe Arial kapena Times New Roman. Muli kapulogalamu kamene kamakatenga mafayilo oyambirira ku SourceForge panthawi yoika n'kuwamasula pa kompyuta yanu. Inunso mungachite chimodzimodzi: phukusi lanu lisonyeze laisensi kudzera mu debconf, chida chofunsira mafunso poika phukusi, munthu avomereze yekha, likatenge fayilo kwa mwini wake, liyerekeze ndi sha256 imene munalemba, nambala yotsimikizira kuti fayilo sinasinthe, kenako liike. Vuto lake kwa ife ndi lodziwika, kompyuta iliyonse ifuna intaneti, ndipo netiweki ikaduka pakati apt imasiya phukusi lili theka. Lilembeni moti lizitha kulandiranso fayilo imene mwini kompyuta watenga yekha n'kuisunga pa fulashi, ndipo likalephera lizinena bwino chimene chavuta.

Wofuna kuti phukusi lake lilowe mu Debian mwenimweni ayambe ndi kulengeza cholinga chake mwa uthenga wotchedwa ITP ku wnpp, mndandanda wa maphukusi amene akufunika kapena akukonzedwa, aike ntchito yake pa mentors.debian.net, apeze womuimira amene ali ndi mphamvu yolowetsa. Phukusi latsopano limadikira pamzere wa NEW, kumene fayilo ya copyright imawerengedwa mzere ndi mzere. Ambiri a ife tikungofuna repo yathu ya pa seva ya mu ofesi, koma muyezo womwewo ndi wabwino kuutsatira.

Chachisanu: onani zimene mwini wake analongedzamo

Pulogalamu ya zithunzi siyenda yokha. Kuti itsegule JPEG, PNG, TIFF, WebP ndi mafayilo a RAW a makamera, imatsamira pa malaibulale a anthu ena, ndipo wolemba freeware amakonda kuwalongedza m'foda ya lib pambali pa pulogalamu yake. Mukagawa phukusilo mwagawanso onsewo, ndipo aliyense ali ndi laisensi yake.

Lembani mndandanda wa fayilo iliyonse ya .so imene mwapeza, ndi laisensi yake pambali. Malaibulale monga libpng, libwebp ndi libjpeg-turbo ndi ofatsa, amangofuna kuti mawu a laisensi ndi mayina a eni ake atsagane ndi phukusi. Qt, libheif ndi libde265 amapezeka pansi pa LGPL, imene imalola pulogalamu yobisa source code kuwagwiritsa ntchito bola munthu athe kusintha laibulaleyo n'kuikapo ina, mawu a laisensi aperekedwe, ndipo source code ya laibulaleyo ipezeke. Ovuta ndi a GPL yeniyeni, monga Exiv2 ndi x265, poti GPL imafuna kuti pulogalamu yolumikizidwa nawo ikamagawidwa source code yake ipezeke. Mukapeza pulogalamu yobisa source code yolumikizidwa mwachindunji ndi laibulale ya GPL, imani, mumufunse mwini wake ngati anagula laisensi yapadera. Popanda yankho lomveka musagawe, chifukwa wogawa ndiye amasenza mlandu. Pulogalamu imene imangoitana ExifTool ngati chida chapadera ndi nkhani ina, ndipo pamenepo ndi bwino kungodalira phukusi la libimage-exiftool-perl la m'dongosolo.

Musaiwale zinthu zing'onozing'ono. Mafonti, tizithunzi ta mabatani, zithunzi zachitsanzo ndi mafayilo a ICC oyendetsa mitundu zili ndi eni ake nazonso.

Pali chifukwa chachiwiri chosakondera malaibulale olongedzeramo, ndipo ndi cha chitetezo. Mu Seputembala 2023 munapezeka chiboo chachikulu mu libwebp, cholembedwa kuti CVE-2023-4863, choti chithunzi chopangidwa mwachinyengo chikanatha kupatsa wakuba njira yolowera. Amene ankagwiritsa ntchito libwebp ya m'dongosolo anangopanga apt upgrade, nkhani inatha. Pulogalamu iliyonse yonyamula libwebp yakeyake inatsala ndi chiboocho kufikira mwini wake atatulutsa yatsopano. Kumbukirani mmene situdiyo imagwirira ntchito: tsiku lonse ikulandira zithunzi za anthu osawadziwa, za pa fulashi, pa memori khadi ndi pa WhatsApp. N'chifukwa chake malamulo a Debian amaletsa kubwereza malaibulale m'kati mwa maphukusi pamene a m'dongosolo alipo.

Komabe musangochotsa mwachisawawa. Laisensi ikanena kuti mafayilo agawidwe osasinthidwa, kuchotsa laibulale ndi kusintha. Ngakhale dh_strip, imene imayenda yokha pomanga phukusi, imasintha fayilo ya pulogalamu, ndipo patchelf nayonso. Zikatero zimitsani dh_strip ndi dh_dwz m'fayilo ya debian/rules, musiye mafayilo momwe anabwerera. Malaibulale amene mwawasunga akhale m'foda ya pulogalamuyo yokha, pansi pa /opt ngati repo ndi yanu, kapena m'foda yakeyake pansi pa /usr/lib ngati mukutsata malamulo a Debian. Asasakanikirane ndi a m'dongosolo, mungaononge mapulogalamu ena amene analibe vuto.

Chachisanu ndi chimodzi: pezani zonse zimene pulogalamu imadalira

Yambani ndi objdump -p pa fayilo ya pulogalamu, muone mizere ya NEEDED, kapena readelf -d. Ambiri amathamangira ldd, koma buku lake lomwe limachenjeza kuti musaiyendetse pa fayilo imene simukuikhulupirira. Dzina lililonse limene lapezeka, apt-file search ikuuzani phukusi limene lili nalo. Pomanga, dpkg-shlibdeps imadzaza mzere wa Depends yokha, koma imaona zokhazo zimene zalumikizidwa poyera.

Mavuto enieni ali m'mayina. Debian imagawa libjpeg62-turbo, yokhala ndi libjpeg.so.62, pamene Ubuntu imagawa libjpeg-turbo8, yokhala ndi libjpeg.so.8. Pulogalamu yomangidwira kumodzi ikhoza kukana kwinako, ndipo nthawi zina phukusi limodzi silingakwane onse awiri. Ubuntu 22.04 ili ndi libtiff5, pamene 24.04 ndi Debian 12 zili ndi libtiff6. Mu Ubuntu 24.04 maphukusi ambiri anasintha mayina n'kuwonjezera t64 kumapeto, monga libpng16-16t64. Mapulogalamu akale kwambiri amafunabe libpng12, imene Ubuntu inaisiya itadutsa 16.04.

Mukakumana ndi zotere mudzakopeka kupanga symlink, dzina lolozera ku fayilo ina, yonamiza libtiff.so.6 kuti izioneka ngati libtiff.so.5. Musatero. Nambalayo inasintha chifukwa m'kati munasintha, ndipo pulogalamu ingatseguke bwinobwino kenako n'kugwa pakati posunga chithunzi cha kasitomala. Musatengenso .deb yakale ya dongosolo lina n'kuikakamiza ndi dpkg --force. Njira zoyenera ndi ziwiri: kumupempha mwini wake amange ndi malaibulale atsopano, kapena kusunga laibulale yakaleyo m'foda ya pulogalamu yokha, inuyo mukudziwa kuti chitetezo chake chili m'manja mwanu.

Yang'ananinso glibc, laibulale yaikulu imene pafupifupi pulogalamu iliyonse imadalira. Lembani objdump -T pa fayiloyo, mufufuze mawu akuti GLIBC, muone nambala yaikulu kwambiri. Ubuntu 22.04 ili ndi 2.35, Debian 12 ili ndi 2.36, Ubuntu 24.04 ili ndi 2.39. Pulogalamu yofuna 2.38 siiyenda pa ziwiri zoyambazo, ndipo glibc si chinthu chosinthira pulogalamu imodzi. Momwemonso ngati mwini wake anangotulutsa ya amd64, ya makompyuta wamba a 64-bit, makina akale a 32-bit ndi Raspberry Pi atsala, poti source code yoti mumangire mulibe.

Ndiyeno pali zobisika, zimene pulogalamu imaziitana itayamba kale kuyenda. Mapulogalamu a Qt amakonda kudandaula kuti alephera kutsegula plugin ya xcb. Yendetsani pulogalamuyo mutaika QT_DEBUG_PLUGINS=1, ikuuzani laibulale imene yasowa, ndipo nthawi zambiri imakhala libxcb-xinerama0 pa Qt 5 kapena libxcb-cursor0 kuyambira Qt 6.5. Zoterezi muziwonjezera pamanja mu Depends. Chimene pulogalamu siingatseguke popanda icho chipite mu Depends, chimene pafupifupi aliyense adzachifuna chipite mu Recommends, zina zonse mu Suggests. Musaunjike zonse mu Depends, mukudyetsa bandulo ya munthu zinthu zimene sadzazigwira.

Chachisanu ndi chiwiri: nkhani ya mapatenti

Imeneyi ndi yosiyana ndi laisensi. Laibulale ikhoza kukhala ya LGPL koma njira imene imagwiritsa ntchito ili ndi patenti ya kampani ina. Kale vutoli linali pa GIF, chifukwa cha patenti ya Unisys imene inatha mu 2003 ku America ndi mu 2004 kumaiko ena, ndipo ndi vuto lomwelo limene linabala PNG. Lero lili pa HEIC, imene ma iPhone akhala akujambulira kuyambira 2017 ndipo imadalira HEVC, njira yopanikizira zithunzi imene ili ndi mapatenti. Fedora imagawa libheif yopanda gawo la HEVC, ofuna gawolo amatenga libheif-freeworld ku RPM Fusion. Ubuntu 24.04 inagawa libheif m'tizigawo, ndipo chotsegulira HEIC ndi libheif-plugin-libde265. Kasitomala wa iPhone adzabwera ndithu ku situdiyo, choncho yesani HEIC. Koma gawo limenelo lisiyeni lichokere ku repo ya dongosolo, inu mungolitchula mu Recommends, musalinyamule m'phukusi lanu.

Chomaliza: yesani pa makina oyera, kenako sainani

Kompyuta yanu ya ntchito ndi yonama pa nkhani iyi, chifukwa muli kale malaibulale amene munaika kalekale mpaka munaiwala. Mangani phukusi mu sbuild kapena pbuilder, zida zomangira m'malo oyera. Yendetsani lintian, chida chofufuza zolakwika m'phukusi, muwerenge madandaulo ake onse, makamaka a embedded-library ndi a fayilo ya copyright. Yendetsani piuparts kuti muone ngati phukusi likuikika ndi kuchoka osasiya zinyalala. Kenako ikani dongosolo latsopano mu virtual machine, muike phukusi lanu lokha, mutsegule JPEG ya kamera, PNG, TIFF ya sikana, WebP, HEIC ndi RAW imodzi. Tembenuzani chithunzi, sungani, tsegulaninso, sindikizani pa printer yeniyeni. Chitani zimenezi pa dongosolo lililonse limene mukulonjeza, Mint payokha, Debian payokha.

Repo imangeni ndi reprepro kapena aptly, ndipo freeware ikhale m'chigawo chakechake chotchedwa non-free, chosiyana ndi maphukusi ena, kuti kompyuta ya shopu musaitsegulire chigawo chimenecho ngati laisensi siilola. Sainani repo ndi kiyi ya GPG, kiyi ya poyera muiike mu /etc/apt/keyrings pa kompyuta iliyonse, muitchule ndi signed-by. Njira ya apt-key inasiyidwa, ndipo trusted=yes ndi kuuza apt kuti ilandire chilichonse osafunsa. Ngati cholinga chachikulu chinali kupulumutsa bandulo pa maphukusi a Ubuntu ndi Debian, ikaninso apt-cacher-ng pa seva yomweyo. Imamvera pa doko 3142, ndipo chimene kompyuta imodzi yatenga zinazo zimachipeza pafupi.

M'mafotokozedwe a phukusi, mu debian/control, lembani poyera kuti pulogalamuyi si ya malonda popanda kugula laisensi, ndipo phukusili mwapanga ndinu, osati mwini pulogalamu, kuti madandaulo a kaikidwe azibwera kwa inu. Mwini wake akatulutsa yatsopano, musangosintha fayilo n'kumanga. Yerekezani laisensi yatsopano ndi yakale pogwiritsa ntchito diff, yendetsaninso objdump muone ngati malaibulale asintha, muonenso mndandanda wa foda ya lib uja. Laisensi ikasintha n'kuletsa kugawa, chotsani phukusilo ndi reprepro remove tsiku lomwelo, muwauze eni makina kuti kuyambira pamenepo azitenga okha kwa mwini wake.